Kamphepo Alanda Nyimbo

1. Supuni ndi kapu

Loweruka limenelo Kamphepo anasita diresi la azakhali ake kawiri. Atamaliza analipachika kuseri kwa chitseko, analiyang'ana, n'kulitsitsanso kuti asite kolala. Kenaka anapukuta nsapato zimene anali atapukuta kale dzulo lake.

Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wa folomu 3. Dzina loti Kamphepo anam'patsa ndi azakhali akewo, chifukwa chiyambire ali wamng'ono sankatha kukhala pampando mpaka kumaliza kapu ya tiyi. Bambo ake ankayendetsa galimoto ya katundu maulendo ataliatali, choncho anam'siya kwa mlongo wawo kuti aziphunzira ali pamalo amodzi.

Azakhaliwo anali woyimba wodziwika. Aliyense ankawatchula Mayi Ndolo, chifukwa cha ndolo zikuluzikulu zimene ankavala pa siteji, zoti mwana akhoza kupisamo dzanja. Ankayimba chamba cha soulu, nyimbo zija zoyenda modekha zimene woyimba amazitulutsa pansi pa mtima, womvera mpaka kuiwala kuti wanyamula kapu. Tsiku limenelo ankakwanitsa zaka makumi anayi akuyimba, ndipo shoo yokondwerera zakazo inali ya 2 koloko masana mu holo yaikulu.

Pa tsiku la shoo Mayi Ndolo sankayankhula m'mawa wonse, posunga mawu. Akafuna chinthu ankagogoda kapu ndi supuni. Kugogoda kamodzi kunali madzi ofunda. Kawiri unali uchi. Katatu kunali kuti, "Khala pansi."

M'mawa umenewo supuni inalira katatu maulendo anayi.

Panali chifukwa chosungira mawu kuposa kale. Chaka chapitacho madokotala anawachita opaleshoni ya pakhosi. Anachira, koma mawu anabwerera atatsika ndiponso atakhakhala. Pansi ankamveka bwino kuposa kale. M'mwamba ndimo munali vuto.

Kuyambira nthawi imeneyo Kamphepo ankaloledwa kuyimba kumbuyo kwawo, Loweruka lokha. Malo ake pa siteji anali pa kamtanda ka tepi yoyera kamene ankamata pansi, mapazi asanu kumbuyo kwa azakhali. Tsiku lina shoo yawo inaonetsedwa pa kanema, ndipo Lolemba lake anzake kusukulu anam'landira ndi phwete.

"Tinakuona," anatero. "Chigongono chako chimayimba bwino kwambiri."

Kamphepo anaseka nawo, koma mawuwo anam'khala ngati kamwala mu nsapato.

2. Kuseri kwa masipika

Anafika ku holo 11 koloko kuti ayese zida. Mipando inali isanathe kuyalidwa. Amisiri ankakoka mawaya uku ndi uku, wina ali pa makwerero kumangirira magetsi. Bandi inali itafika kale: wa gitala, wa kiyibodi, wa lipenga, ndi nkhalamba ya ng'oma imene onse ankaitchula a Timitengo.

Nyimbo zitatu zoyamba zinayenda bwino. Yachinayi inali "Ndisiyire Nyale", nyimbo imene inawatchukitsa Mayi Ndolo ali mtsikana. Ndi ya munthu amene ali kutali ndi kwawo, akupempha a kunyumba kuti asam'taye mtima. Chakumapeto kwake kuli mzere umene mawu amakwera n'kukhala m'mwamba nthawi yaitali:

Ndisiyire nyale pazenera,
Njira yatalika, koma ndikubwera.

Mayi Ndolo anakoka mpweya, nakwera. Pa liwu loti "ndikubwera" mawu anang'ambika ngati nsalu yakale. Wa pa makwerero anasiya kumanga. Wa kiyibodi anayang'ana zala zake.

Mayi Ndolo anakweza dzanja, nakodola bandi kuti iwazungulire. Kamphepo anali atanyamula phazi kuti apite nawo pamene wina anam'gwira paphewa.

Anali a Mafoni, mkulu amene anakonza shoo yonseyo. Ankayenda ndi mafoni atatu, awiri m'manja imodzi m'thumba la suti, ndipo ankayankhula ndi munthu maso ali pa foni. Ulendo uno anam'yang'ana Kamphepo m'maso. Anam'tengera kuseri kwa mulu wa masipika.

"Wamva wekha," anatero motsitsa mawu. "Masanawa muno mudzaza anthu, ndipo makamera alipo atatu. Mawu aja akathyokanso, azakhali ako akhala nkhani ya m'mafoni sabata yonse."

"Ndiye ine nditani?"

"Uyenda mapazi asanu. Basi. Akangothyoka, iwe bwera kutsogolo, umalize nyimboyo. Ndakumva ukuyimba wekha m'khonde muja. M'mwamba muja umafikamo ngati ukukwera sitepe imodzi. Wosakaniza mawu ndamuuza kale kuti maiki yako aikweze."

Kamphepo anasuzumira pakati pa masipika. Azakhali ake anali atawerama, akunong'oneza bandi, akulozaloza ndi dzanja.

"Azakhali akudziwa?"

"Ukawauza akana. Anthu akale amakonda kufera pampando. Ine ndimawalemekeza, n'chifukwa chake ndawakonzera tsiku lawo, koma tsobola wakale sawawa, mwana iwe. Uwapulumutsa ku manyazi, ndipo dziko liona nkhope yako. Pali cholakwika pamenepo?"

Kamphepo anasuzumiranso kwa azakhali ake. Foni imodzi inalira, a Mafoni anaiika kukhutu, napita akum'lozera chala ngati munthu amene wamaliza naye kale pangano.

3. Chikopa chatsopano

Atatuluka kuseri kuja anapeza bandi itabalalika. A Timitengo anam'kodola ndi kamtengo ka ng'oma. Anali aatali, oonda, a dazi lowala, ndipo anali atawaombera ng'oma Mayi Ndolo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ankakunga ng'oma yaing'ono ndi kakiyi, akuigogoda n'kutchera khutu.

"Unali kuti pamene amayi amatiuza za nyimbo ija?"

"Ndinakamwa madzi, agogo."

"Madzi a masiku ano akuvala suti," anatero a Timitengo. "Khala apa."

Kamphepo anakhala pa bokosi la zida, m'mphepete mwenimweni.

"Zimene wakuuza sindinamve, ndipo sindikufuna kuzimva. Anthu a mtundu umenewu ndaonapo asanu ndi atatu. Woyamba ankayenda ndi chikwama chachikopa, uyu akuyenda ndi mafoni, koma lilime ndi lomwelo. Iwo amamvera mawu a mwana ngati mmene wogula nkhuku amainyamulira m'mwamba kuti amve kulemera kwake. Sakhala akufunsa ngati nkhukuyo yagona bwino.

"Ine ndakhala kumbuyo moyo wanga wonse. Pa zithunzi zambiri za azakhali ako pamaoneka bondo langa lokha, ndipo bondolo latchuka kuposa mwini wake. Koma funsa aliyense mu bandi ino: ndikaphonya kamodzi, nyimbo yonse imagwa chagada. Kumbuyo si kundende ayi. N'kumene munthu amaphunzira kupuma, kuwerenga nkhope za anthu, kudziwa polowera ndi pokhalira chete. Woyimba wosadziwa kukhala chete ndi wofuula chabe, ndipo ofuula ali mbwee pa siteshoni ya basi.

"Taona chikopa ichi. N'chatsopano. Nditachikunga kwambiri lero chikhoza kulira mpaka kunja kumsewu, aliyense n'kutembenuka. Pofika Lachitatu chang'ambika. Ndiye ndimachikoka pang'ono lero, pang'ono mawa, mpaka chizolowere. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, mdzukulu wanga. Iwe ndiwe chikopa chabwino. N'chifukwa chake ndikutaya malovu angawa."

Phazi la Kamphepo linkagunda bokosi, gu gu gu, ngati likufuna kunyamuka lokha.

"Masanawa maso ako akhale pa dzanja lawo lamanzere," anapitiriza a Timitengo. "Malamulo ukuwadziwa. Akaliika kumbuyo lili lotambasula, ndiye kuti tiwathandize. Akafumbata chibakera, aliyense zii. Ngakhale denga likugwa, zii."

"Ndamva, agogo."

"Makutuwo amva. Nanga mapaziwo?"

4. Mayi Ndolo atsegula pakamwa

Chipinda chovalira chinali chopapatiza, cha kalilole wamkulu ndi mababu anayi, limodzi lili lakufa. Kamphepo anawatsekera azakhali ake zipi ya kumsana. Zala zake zinkaterereka, moti anayamba katatu.

2 koloko itayandikira, Mayi Ndolo anaika supuni pansi. Anam'yang'ana mtsikanayo kudzera pakalilole.

"Lero ukuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Khala pansi ndikuuze kanthu, pakuti ndi tsiku langa ndipo ndili ndi ufulu wotopetsa anthu.

"Ine ndinayamba ndi chokolopera. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinkakolopa mu hotela, ndikuyimba kuti ndisamve kuwawa kwa msana. Mkulu wa bandi ya pahotelapo anandimva ali pa masitepe, n'kundiitana. Ndinkayesa andipatsa maiki ya kutsogolo. Anandiimika kumbuyo zaka zitatu. Zaka zitatu ndikuyimba 'uu' ndi 'aa' basi, mpaka agogo ako kunyumba anandifunsa ngati zilembo zinazo ndinaziiwala.

"Pambali panga pankaima mnzanga. Tinkam'tchula Belu, chifukwa akatsegula pakamwa ankamveka kutsidya kwa msewu. Ndinene zoona, ankandiposa, ndipo ndinkam'chitira nsanje. Kunabwera bambo wina wolankhula bwino, namuuza kuti akutaya nthawi kumbuyo. Belu anachoka osatsanzika. Chaka chimenecho ukatsegula wailesi unkamva iyeyo. Ankamuyimbitsa masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kaya ali ndi chimfine kaya malungo, chifukwa matikiti anali atagulitsidwa kale. Palibe anam'phunzitsa kupuma. Palibe anam'phunzitsa kunena kuti ayi. Mawu atatha, bambo uja anapeza mtsikana wina n'kumuveka madiresi omwe aja.

"Sukulu anali atasiya. Kubandi analibe nkhope yobwererera. Ndinakumana naye patapita zaka, akung'amba matikiti pakhomo la holo imene ine ndinkayimbamo. Anandigwira mkono n'kundipempha chinthu chimodzi, kuti ndisam'tchule pa siteji."

Anatenga ndolo imodzi, naikoleka kukhutu.

"Usaone ngati ine zinandiyendera mofewa. Ndayimbapo pamaso pa anthu zikwi. Ndayimbaponso pamaso pa anthu khumi ndi mmodzi, atatu mwa iwo ali osesa mu holomo, ndipo ndinawayimbira nyimbo zonse. Ndayendapo masiku awiri pa basi, diresi lili pamiyendo kuti lisakwinyike. Ukwati wanga unatha ndili paulendo. Ndinabwerera n'kupeza m'nyumba mwatsala mpando umodzi. Siteji si mayi ako, mwana wa mchimwene wanga. Lero ikuombera m'manja, mawa ikufunsa kuti paja ndiwe yani.

"Mawu uli nawo. Sindikuuza kawirikawiri chifukwa mutu wako ndi wopepuka kale. Koma mawu ndi chinthu chaching'ono pa ntchito imeneyi. Maliza sukulu. Siteji ilibe miyendo, uipeza pomwepa."

Anakoleka ndolo yachiwiri, natembenuka.

"Tikafika pa Nyale paja, uona chibakera. Ukhale chete. Wamva?"

Kamphepo anatsegula pakamwa. Nkhani ya kuseri kwa masipika inali itafika pammero. Pomwepo wina anagogoda chitseko n'kunena kuti kwatsala mphindi zisanu.

"Ndamva, azakhali," anatero.

5. Mapazi asanu

Holo inadzaza mpaka ena anaima m'mbali mwa khoma. Ambiri anali a imvi, atavala zovala zawo zabwino, koma kumbuyo kunali achinyamata ambiri, mafoni ali m'mwamba.

Mayi Ndolo analowa pang'onopang'ono, diresi likunyezimira. Anadikira kuti m'manja muthe.

"Zaka makumi anayi zapitazo ndinkalowa pa siteji ndikuthamanga," anatero. "Lero ndalowa mawondo akukambirana kuti ayambe ndani."

Anthu anafa nacho chiseko, ndipo kuyambira pamenepo anali m'manja mwawo. Anayimba, anavina mapewa okha koma holo yonse inagwedezeka nawo. Anatsitsa maiki kwa mayi wina wa kutsogolo amene ankadziwa mawu onse. Anaitana bambo wina wa ndodo kuti avine ndi mkazi wake, namuuza kuti ndodoyo aisunge chifukwa ikavina bwino kuposa iye mkazi apita nayo.

Kamphepo anaima pa kamtanda kake, akuyimba "uu" ndi "aa". Thukuta linkatsika kumsana. Kumbali kwa siteji, kuseri kwa katani, a Mafoni anali ataima manja m'thumba. Maso awo atakumana, anagwedeza mutu kamodzi.

Wa kiyibodi anayamba "Ndisiyire Nyale". Anthu anausa moyo onse pamodzi, ena nagwirana manja. Mayi Ndolo anayimba ndime yoyamba ndi yachiwiri ndi mawu awo otsika aja, ndipo mayi wina pamzere wachitatu ankapukuta maso ndi mpango.

Mzere uja unayandikira. Mayi Ndolo anapititsa dzanja lamanzere kumbuyo. Linali chibakera.

Ng'oma inasiya. Gitala inasiya. Lipenga linatsika. Mayi Ndolo anati, "Njira yatalika," mawu akunjenjemera, ndipo anaima. Mu holo monse munali zii. Kamphepo anachiona chibakeracho bwinobwino. Anaonanso kamera ya pakati ikutembenuka, kagetsi kake kofiira kakuyaka.

Anadumpha kamtanda kaja.

Mapazi asanu anatha msanga. Anakoka mpweya, nakwera. Maiki yake inali itakwezedwa, ndipo liwu loti "ndikubwera" linadzaza holo mpaka kudenga, loyera, lalitali, losagwedera. Achinyamata a kumbuyo anaimirira akukuwa. A Timitengo anachedwa pang'ono, kenaka analowetsa ng'oma, pakuti nyimbo siisiyidwa panjira. Bandi yonse inatsatira.

Mayi Ndolo anatembenuza mutu, nam'yang'ana Kamphepo. Sanakwinye nkhope. Anatsitsa maiki, nayenda chobwerera m'mbuyo mapazi asanu, naima pa kamtanda ka tepi. Pamenepo anayimba "uu" ndi "aa" mpaka nyimbo inatha.

M'manja munalira nthawi yaitali. Mayi Ndolo anabwera kutsogolo, nagwira dzanja la mtsikanayo n'kulikweza.

"Uyu ndi mwana wa mchimwene wanga," anatero. "Mwamumva nokha."

Dzanja lawo linali lozizira.

Kunatsala nyimbo ziwiri. Kamphepo anabwerera pamalo pake. Mayi Ndolo atangoyamba nyimbo yotsatira, mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kamtsikanako kabwerere!" Anzake anaseka. Wina anawonjeza, "Agogo akapume!"

A imvi anatembenuka kuwakalipira, ndipo phokoso linakula. Mayi Ndolo anayimbabe, osaphonya liwu, mpaka kumapeto. Koma nthabwala sanachitenso.

6. Kukanika kwake kunali kwanga

Shoo itatha, anthu anam'zungulira Kamphepo m'khonde. Ena ankafuna kujambulitsa naye, ena ankam'funsa dzina. Iye ankamwetulira, maso ali kuchitseko cha chipinda chovalira. A Timitengo anadutsa atanyamula ng'oma paphewa. Sanam'yang'ane.

Atalowa anapeza azakhali ake atakhala pa kalilole, atavula nsapato, akuchotsa zodzola kumaso ndi thonje.

"Tseka chitseko," anatero. "Wayimba bwino. Mpweya unakuthera pamzere womaliza, koma ndi ochepa amene amva."

"Azakhali, ndimafuna kukuthandizani."

"Wothandiza amayang'ana amene akum'thandizayo. Iwe umayang'ana kamera."

Kamphepo anagwetsa maso.

"Ukuyesa bandi inasiya chifukwa inasokonezeka? Tinapangana m'mawa uja, iwe kulibe. M'mwamba muja sindingafikemonso, ndikudziwa, ndipo ndinasiya kulimbana namo. Ndimafuna mzere umenewo ndiunene ndi mawu amene ndatsala nawowa, popanda ng'oma, popanda lipenga. Anthu aja akalamba nane limodzi. Ndimafuna amve kuti munthu wa mu nyimbo uja watopa, mawu am'thera, koma akubwerabe. Ndinaima kuti ndikoke mpweya basi. Mwina zikanakoma, mwina zikanakanika. Koma kukanika kwake kunali kwanga, ndipo mphindi imeneyo ndinaidikira zaka makumi anayi."

Anataya thonje mu bini.

"Nyimbo sindikuilira. Nyimbo ndi ya aliyense amene angaiyimbe. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndinakufunsa m'chipinda chino ngati wamva, ndipo unandiyang'ana n'kuvomera, mumtima uli ndi pangano lina. Pa siteji timakhala anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ine ndimawapatsa msana asanu enawo. Sindingapatse msana munthu amene 'ndamva' wake sindikumudziwa tanthauzo. Kuyambira lero siukweranso siteji yanga mpaka umalize folomu 4."

"Koma anthu anakondwa," anatero Kamphepo, mawu akukwera. "Munawamva nokha."

"Ndinawamva. Ndinamvanso zimene ananena pambuyo pake. Tenga chikwama cha diresi, ukandidikire panja."

Kamphepo anatenga chikwamacho, natuluka, chitseko n'kuchimenyetsa kuposa mmene ankafunira.

7. Pepala

A Mafoni anali kumapeto kwa khonde, pafupi ndi khomo la kuseri. Anam'tambasulira foni. Pa foniyo panali Kamphepo, pakamwa pali yasa, dzanja m'mwamba, ndipo manambala a anthu oonera ankasintha iye akuyang'ana.

"Sipanathe ola," anatero. "Ndinakuuza chiyani? Nanga misoziyo ndi ya chiyani?"

"Andiletsa kuyimba."

"Akuletsa pa siteji yawo. Masiteji ndi ambiri." Anatulutsa pepala m'thumba la mkati mwa suti. "Lolemba 8 koloko m'mawa situdiyo ikukudikira. Tijambula nyimbo yako yoyamba anthu asanakuiwale. Chitsulo amasula chikadali chamoto."

"Lolemba 8 koloko ndili ndi mayeso a masamu."

"Masamu adzakhalapo chaka chamawa. Izi sizidzakhalapo." Analoza kamzere ka pansi pa pepalalo. "Vuto ndi limodzi. Ndiwe wamng'ono, ndiye apa pafunika saini ya wokuyang'anira."

"Azakhali sangasaine."

"Anthu akachuluka ofuna zithunzi, amawalembera dzina la azakhali ako ndani? Ndakuonapo. Dzanja lako ndi lawo sizisiyana."

Kamphepo anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. A Mafoni anamuika pepalalo m'manja, nam'pinditsa zala.

"Sindikukakamiza. Ukaganize. Ine Lolemba ndidzaima pa geti la sukulu yanu 7 koloko, galimoto yakuda."

Anapita akuyankha foni. Kamphepo anaima yekha m'khondemo. Bini inali pomwepo, pafupi ndi phazi lake. Analiyang'ana pepala, anayang'ana bini. Kumbuyo kwake chitseko cha chipinda chovalira chinalira. Msangamsanga anapinda pepalalo kanayi, anawerama ngati akumanga chingwe, n'kulilowetsa mu nsapato.

Wa kiyibodi ndiye anawatenga pa galimoto yake. Dzuwa linali likadalipo, ndipo msewu unali wodzaza ndi anthu ochokera ku holo. Ena ankawazindikira n'kubayibitsa. Mayi Ndolo anakhala kumbuyo limodzi ndi Kamphepo, mutu atautsamiritsa, maso ali otseka. Kamphepo anakhala mowongoka, chikwama pamiyendo, mapazi ataphatikiza. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo sankagwedezeka.

Anadutsa maloboti awiri. Pa achitatu galimoto inaima. Mayi Ndolo, osatsegula maso, anatambasula dzanja n'kuliika pa bondo la mtsikanayo, chikhatho chili m'mwamba.

"Chimene wabisa mu nsapatocho," anatero, "undipatsa pompano, kapena ukawerengere bambo ako pa foni tikafika?"